Gudumu la Ngolo ya Apongozi

Sukulu yowotcherera zitsulo sindinapiteko chifukwa chokonda moto ayi. Masamu anandigwetsa pa mayeso a folomu folo, ndipo bambo anga, wapolisi wa ku Dedza amene boma linamutumiza ku Karonga, anati sangasunge namwali wongokhala pakhonde n'kumawerenga njinga zodutsa. Anandilembetsa ku sukulu ya ntchito zamanja. Pomwe ndinkafika, malo a zosoka ndi zophika anali atadzaza, kwangotsala matabwa ndi zitsulo. Ndinasankha zitsulo chifukwa utuchi umandiyetsemulitsa. Nkhani yake ndi yomweyo basi, musayembekezere kuti ndinaona masomphenya.

M'kalasi monse mkazi ndinali ndekha. Mphunzitsi wathu anali mkulu wina wamfupi wa cha ku Chilumba, woduka chala chimodzi, Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka ngati mpunga wa nyemba. Munthuyu sankayamikira. Ukawotcherera mzere wako bwinobwino, wosalala, ukudzimva kuti lero ndathyola, iye ankamanga chitsulocho pa vayisi, chopanira zitsulo chija, n'kukupatsa hamala. Ankati, "Phwanya, tione mkati." Ukaphwanya, umapeza mkati muli timabowo ngati chisa cha njuchi. Ankadana kwambiri ndi anthu obisa ntchito yoipa ndi penti. "Penti ni mutesi," ankatero, kutanthauza kuti penti ndi wabodza.

Phunziro limene linandilowa m'mafupa ndi la kasiti, chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, chonga cha miphika ya miyendo itatu ija. Kasiti ndi wolimba koma ndi wokwiya msanga. Akang'aluka, sungangomuyatsira moto. Umayamba wamutenthetsa yense pa makala, kenako umasoka pang'onopang'ono ndi malodi akeake, timawaya tosungunula powotcherera, kachigawo kakafupi, n'kugogoda ndi kahamala, n'kupuma. Ukamaliza umamukwirira mu phulusa kapena mu mchenga wofunda kuti azizire yekha mpaka mawa. Madzi ndiye ayi ndithu. Tsiku lina mphunzitsi anawotcherera kachidutswa ka kasiti, natiuza kuti titseke pakamwa, nathirapo madzi. Kutangotha kufwanthamuka kwa nthunzi tinamva kaphokoso kakang'ono, kuti thi, ngati munthu wakhudza kapu ndi chikhadabo.

"Mwapulika?" anatifunsa m'Chitumbuka ngati tamva. "Chafwa icho. Kunja chikuoneka chamoyo, koma chafwa."

Ndinamaliza zaka zanga, ndinalandira pepala langa. Bambo akupuma ntchito kubwerera ku Dedza anandigulira makina owotcherera ndi galayinda, nandisiya ku Karonga chifukwa ndinali nditapeza banja. Mwamuna wanga ndi Mnkhonde, wamtali, wa pakamwa potsekemera. Anagwirako ntchito ku mgodi wa ku mapiri a Kayelekera, yogwirira zitsulo amisiri akamawotcherera, ndipo ntchito itatha anabwera ndi ovololo, nsapato za chitsulo kumphuno, ndi nkhani zosatha. Tinatsegula shopu m'mbali mwa msewu wopita ku Songwe. Ine ndinkawotcherera, iye ankalandira anthu, kupala ndi galayinda, ndi kupaka penti. Mafelemu a mawindo ndi zitseko ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo sindinama, ankatha.

Poyamba anthu ankabwera kudzaonerera mkazi wovala ovololo, monga amachitira ndi galimoto yogubuduka. Kenako anayamba kubwera ndi mapulawo, mafoloko a njinga, zitsulo za zigayo. Munthu akafunsa kokonzetsa chinthu chovuta ankauzidwa kuti, "Pitani kwa amayi aja owotcherera." Dzina limeneli ndilo linali chuma changa chonse. Kwa eni kuno ndinalibe munda, ndinalibe ng'ombe, chinenero ndinkachita kupunthwa nacho. Ndinali ndi mbiri yakuti chimene ndagwira sichithyoka.

Tsono kwa amuna anga kuli mwambo. Mkazi wa mwana wamwamuna, amene kuno amati mkamwana, saonana ndi apongozi ake aamuna. Sayang'anana, salankhulana, sakhala pamalo amodzi, ngakhale dzina lawo satchula. Ukawaona akubwera panjira umapatukira m'nthochi n'kufunda chitenje kumutu. Mabanja ambiri masiku ano anafewetsa, ena amachita kamwambo kakuti mantha athe. Apongozi anga anali a kale, anati kwawo zimenezo sizisintha iwo ali moyo. Ine sindinatsutse. Amayi anga anandilangiza kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ndinamvera. Zaka zinayi ndili pabanja nkhope yawo ndinkangoidziwira pa chithunzi cha pakhoma.

Tsiku limenelo linali la m'nyengo yokolola mpunga. Ndinali ndikulumikiza geti, nditakweza chigoba chakumaso kuti ndione mzere, pomwe mwamuna wanga anandikodola n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo akubwera." Ndinaponya pansi chogwirira lodi n'kuthawira m'kachipinda kakumbuyo komwe tinkasungiramo mapaipi. Kachipindako kanali ka malata, dzuwa la ku Karonga likukawotcha ngati uvuni.

Ndinamva njinga ikuyedzamitsidwa, moni wa Chinkhonde, kenako chinthu cholemera chikugwa pansi. Pa lata panali kabowo ka msomali. Ndinasuzumira pansi pokha, kuopa kuona nkhope. Linali gudumu la ngolo yawo, ndipo habu, chitsulo chapakati chimene chimagwira mabawuti, inali itang'aluka kuchokera pabowo limodzi mpaka m'mphepete. Ngolo zambiri kuno zimayenda pa ekiselo ndi mahabu a magalimoto akale. Nditangoona mtundu wa mng'aluwo, wotuwa, wa timchengamchenga, ndinadziwa.

Ndinakhosomola kawiri. Mwamuna wanga anabwera pachitseko.

"Ameneyo ndi kasiti," ndinanong'ona. "Auzeni asiye gudumulo, adzatenge mawa masana."

Anapita, ndinamva akukambirana. Anabweranso. Akuti mpunga wamwetedwa kale, uli m'munda, ng'ombe za anthu zikuyendayenda, ngolo iyenera kuyenda lero lomwe. Akuti adikira pompo. Ndinamva benchi ikulira, akukhala.

"Ndiye apite kumsika akamweko tiyi, ine ndiyambepo. Koma kuzizira kokha ndi mpaka mawa, palibe kuchitira mwina."

"Ndiwathamangitse bambo anga pa shopu panga?"

"Chabwino. Ndivala chigoba, magolovesi ndi ovololo. Palibe kachikopa kanga kamene kaoneke. Iwo atembenukire kumsewu. Mwambo wathyoka pati?"

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikavine maliseche pa maliro. "Ukufuna anditukwane mudzi wonse? Khala momwemo. Ku mgodi tinkawotcherera zinthu zazikulu kuposa nyumba ino."

"Munkagwirira, bambo. Simunkawotcherera."

Mawu amenewo ndimadandaula nawo mpaka lero, osati chifukwa anali abodza, koma chifukwa ndi amene anatseka makutu ake. Ndinatenga malodi a kasiti pa shelefu n'kumupatsira pachitseko. Ndinati ayambe wakoleza makala. Anayang'ana malodiwo, anayang'ana kumene kunali bambo ake, n'kuwasiya pamwamba pa mgolo. Sakanalola kuti mdala aone mwana wake akulandira malangizo kuchokera m'kachipinda.

Ndinakhala pa mapaipi, thukuta lili kamukamu, n'kumamvetsera ntchito yanga ikuphedwa. Munthu wodziwa amamva ndi khutu. Moto anaukweza kwambiri. Anasoka mzere wonse ulendo umodzi osapuma, ndi malodi wamba a mawindo, pa chitsulo chozizira. Atamaliza ndinati mwina Mulungu achita chifundo, chingokhala pansi chizizire chokha. Koma mdala anali pa changu, ankafuna kumangirira gudumu pa njinga, ndipo linali lotentha. Ndinamva chogwirira ndowa chikulira.

Apa ndiye pamene ndimadziimba mlandu ndekha. Pakati pa kulira kwa ndowa ndi kuthira madzi panali mpata wokwanira kunena mawu amodzi. Lata linali lopyapyala, akanamva onse awiri. Ndikanangoti, "Musathire." Koma mawu anga sankayenera kumveka m'makutu mwa apongozi. Ine mwana wolangizidwa bwino, ndinagwira pakamwa panga ndi dzanja langa lomwe. Madzi anafwanthamuka, ndipo m'kati mwa nthunzi ndinamva kaphokoso kaja.

Zotsatira zinali galayinda ndi penti wofiira. Mwamuna wanga pa penti ndiye katswiri. Mdala anati, "Ndagha," kuthokoza, n'kukwera njinga yake.

Ndinatuluka nditanyowa ngati ndagwa m'chitsime. Ndinamuuza kuti habu ija yafa, athamangire bambo ake. Iye anaseka, nati ndikuchita nsanje chifukwa wagwira ntchito yanga popanda ine. Tinakangana mpaka wogulitsa nthochi wa pafupi anasamutsa dengu lake.

M'mawa mwake ndinakwera njinga ya kabaza kupita kumudzi kwawo. Pakhomo sindikanafika chifukwa mdala analipo, choncho ndinaima m'nthochi n'kutuma mayi wina kuti akaitane apongozi aakazi. Mayi amenewo ndi munthu wofatsa, amandikonda mwa njira yawo. Ndinawafotokozera zonse, Chichewa ndi Chinkhonde changa chothyokathyoka, manja akuthandiza. Ndinati ngolo isasenze kanthu, gudumu libwerere.

Anandimvetsera, kenako anafunsa kuti, "Ndiye ndikawauze kuti mwana wawo wagwira ntchito yoipa?"

"Mukawauze kuti gudumu lithyoka."

"Akafunsa kuti wanena ndani?"

"Ine."

Anapukusa mutu. Uthenga uja pofika m'nyumba unali utasanduka wakuti mkamwana akupereka moni, akuti musamalemetse ngolo kwambiri. Ndinamva ndili m'nthochi momwemo mdala akuseka.

Gudumu linayenda tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mwamuna wanga m'mawa uliwonse ankandifunsa kuti, "Aphunzitsi, lathyoka?" Ndinayamba kupemphera kuti ndikhale wolakwa ndine. Tsiku lachinayi ngolo ikutsetsereka kulowa pa khwawa, matumba a mpunga ali phamphu, habu inagawanika. Gudumu linapita kwake, ngolo inagwera chammbali, goli linapotokola ng'ombe. Ng'ombe imodzi inathyoka mwendo wakutsogolo, anaizingira pomwepo. Mdala anapanikizika ndi ngolo, ntchafu inathyoka.

Kwa Ankhonde ng'ombe si chiweto wamba. Anthu anabwera kudzapepesa za ng'ombeyo ngati maliro a munthu. Kuchipatala ine ndinkaphika, ndinkanyamula chakudya, n'kukathera pa khomo la wodi, apongozi aakazi n'kudzalandira. Mwamuna wanga masiku amenewo sankandiyang'ana m'maso. Ndinamumvera chisoni, ine chitsiru. Sindinanene n'kamodzi komwe kuti ndinakuuzani.

Nkhani ndinaimvera kwa mlamu wanga wamkazi. Akuti anthu odzazonda akafunsa kuti gudumu munakonzetsa kuti, mdala ankayankha kuti ku shopu kwa mkamwana. Akafunsa kuti anagwira ndani, ankati, "Mmisiri wa pamenepo simukumudziwa? Amene anapita ku sukulu uja."

Poyamba sindinakhulupirire. Munthu anakhala pa benchi, maso ali tong'o, kuonerera mwana wake kuyambira poyatsa mpaka pothira madzi. Koma sabata isanathe a mpingo wina anabwera kudzatenga zitsulo za mawindo awo, akuti komiti yaganiza zina. Wa chigayo amene ndinamukonzera shafiti kawiri anadutsa pa shopu atayang'ana kumbali. Kumsika mayi wina wogulitsa usipa anandiuza mokoma mtima kuti ndisadandaule, zitsulo n'za amuna, ndinayesetsa. Amene ankabwerabe ankayang'ana mwamuna wanga n'kunena kuti, "Koma mugwire ndinu, bambo." Iye ankangoti chabwino.

Ndinamufunsa kunyumba, "Simunena?"

"Ndinene chiyani? Ndikatsutse bambo anga ali pa bedi la chipatala? Zizizira zokha izi."

"Kasiti ndiye amazizira yekha. Mbiri sizizira."

Anatuluka kupita kukaonera mpira.

Ndinapsa mtima, ndipo ndikunena pano poyera kuti ndinawada onse awiri. Chimene chinkandiwawa koposa n'chakuti wondinamizirayo sindikanatha ngakhale kumufunsa. Wakuba umamugwira malaya, wamiseche umamupeza pa mjigo. Uyu mwambo unamutchingira mbali zonse, ine n'kumamuphikira phala.

Mdala atatuluka m'chipatala ndinapita kumudzi ndi shuga ndi sopo. Anali masana. Mdala anagona m'chipinda, zenera lili lotsegula, nsalu yokha ikutchinga. Apongozi aakazi anali kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera lomwelo, akusenda nthochi zophikira mbalagha, chakudya cha kuno. Ndinakhala pansi pafupi nawo, ndipo m'malo monong'ona monga mwa masiku onse, ndinalankhula mokweza, m'Chichewa changa cha ku Dedza.

"Amayi, ndili ndi funso. Tsiku lija gudumu linabwera, ine ndinali m'kachipinda. Lodi sindinagwire. Ndinachenjeza, ndinabwera mpaka kuno kudzachenjeza. Nanga bwanji dziko lonse likuti ndine ndinapha ng'ombe?"

Mayi aja mpeni unawagwa m'manja. Anandikodola kuti nditsitse mawu, akuloza zenera. Ine ndinabwereza funso lomwelo, mawu omwewo.

M'chipinda bedi linalira. Mdala anaitana mkazi wake, osati ine. Koma munthu amene moyo wake wonse pakhomo pake ankalankhula Chinkhonde chokha, tsiku limenelo analankhula Chichewa, pang'onopang'ono, kusankha liwu lililonse.

"Amayi, muwauze alendo anuwo kuti maso ndili nawo. Ndinaona amene anagwira. Ndinaonanso malodi amene anasiyidwa pa mgolo." Anapuma. "Muwauze kuti iwo ali ndi pepala la sukulu. Akhoza kupita ku Mzuzu, ku Lilongwe, kwawo, akalembedwa ntchito. Mwana wanga alibe pepala. Akadziwika kuti anapundula bambo ake, adzayenda bwanji m'mudzi muno? Chibale ndi fupa. Muwauze apirire."

Apongozi aakazi anatembenukira kwa ine, n'kuyamba kubwereza mokhulupirika, "Akuti maso ali nawo." Ndinawagwira dzanja kuti asavutike. Amenewo ndiwo mawu okha amene apongozi anga aamuna anandilankhulapo moyo wawo wonse, ndipo ngakhale amenewo anadzera kwa munthu wina.

Ku Mzuzu sindinapite. Ndinali ndi ana awiri, ndipo kuno ana ndi a kwa bambo. Mdala ankadziwa zimenezo bwino lomwe pomwe ankanditchulira mizinda.

Patapita miyezi iwiri, apongozi aakazi anatsika pa shopu, wa kabaza wina ali pambuyo ndi gudumu. Linali lachiwiri la ngolo yomweyo. Nalonso habu yake inang'aluka pa kugwa kuja, ndipo habu ina yolowa m'malo mwa yothyoka ija anali ataipeza kale. Mayi aja anakhala pa benchi, napereka uthenga akuyang'ana mwana wawo.

"Bambo ako akuti ukonze ili. Akuti safulumira, litenge masiku amene lifuna. Akutinso iwo sabwera, ukalipereke wekha likatha."

Atatero anandiyang'ana ine kamodzi, n'kuyang'ana pansi.

Gudumu lija linakhala pakona masiku awiri. Mwamuna wanga ankalizungulira ngati muli njoka. Ine ndinkalidutsa osalikhudza. Ndinaganiza zambiri, zina zosayenera kulemba. Ndinaganiza zongomusiya aliwotcherere yekha, athirenso madzi ake, tione kuti ulendo uno anamizira yani. Koma pa ngolo imeneyo pamakwera anthu, ndipo tsiku lina padzakwera ana anga.

Tsiku lachitatu ndinakoleza makala kuseri kwa shopu, kumene anthu a pamsewu saona. Ndinaboola timabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, ndinatenthetsa habu yonse, ndinasoka kachigawo kachigawo, kugogoda, kupuma, kusokanso. Ndinaikwirira mu phulusa la mankhusu a mpunga n'kuisiya mpaka mawa. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo, imeneyo ndiyo yabwino koposa. Mwamuna wanga anapaka penti wofiira, anamangirira pa njinga, n'kukapereka.

Mdala anamwalira zaka zitatu zapitazo, akutsimphinabe. Ngolo anatenga ndi mlamu wanga, ndipo gudumu lija likuyenda mpaka lero, mpunga, njerwa, mchenga. Ikamadutsa pa shopu, anthu okhala pa benchi amailoza n'kuuzana kuti loyamba anawononga ndi mkazi, ili anakonza ndi mwamuna, taonani mmene lakhalira. Mwamuna wanga amamwetulira n'kunena kuti kasiti amafuna kudekha. Ine ndimakhala ndili pomwepo, ndikudula zitsulo za mawindo.